Kukongola kokha sikupambanitsa duwa la iris

Ku America kuli bungwe la anthu olima duwa limodzi lokha lochedwa iris. Bungweli, limene dzina lace ndi American Iris Society, linayamba mu 1920 mu mzinda wa New York, ndipo liri ndi oweruza ace amene caka ndi caka amayendera minda kukaona maluwa atsopano. Pa mapointi 100 amene woweruza angapatse iris wamtali, utoto wa duwa umalandira mapointi 5 okha. Otsalawo amapita ku zinthu zimene mlendo wongodutsa pa mseu sangaziganizire nkomwe, monga kulimba kwa phesi, kuculuka kwa timitu ta maluwa tosamasula, ukhondo wa masamba, ndi funso lakuti kodi mbeuyo idzakhalapobe caka ca mawa.

Munthu akamva zimenezi koyamba amadabwa, pakuti duwa silidyedwa, amalibzala cifukwa ca maso basi. Wina anganenenso kuti awa ndi masewera a anthu okhuta, ndipo mwina sanama kweni-kweni. Koma mlimi ali yense amene anagulapo mbeu cifukwa ca cithunzi ca pa thumba, kenaka nkudzakolola misozi, adzamva msanga cimene cinawafikitsa anthuwa pa maganizo otere.

Duwa la utawaleza

Dzina lakuti iris, limene amalichula kuti "ailisi", linacokera kwa Agiriki akale, ndipo kwa iwo linali dzina la utawaleza. Duwali limapezeka loyera, lacikasu, labuluu ngati thambo la mu Juni, lofiirira, ngakhale lodera ngati makala. Mitundu ya m'chire iripo pafupi-fupi 300, ndipo yonse kwao ndi kumpoto kwa dziko lapansi: ku Ulaya, ku Asia, ku North America ndi kumpoto kwa Africa. Kuno kwathu iris samera yekha m'chire, koma abale ace a banja limodzi tiri nao. Maluwa aja a masamba onga lupanga amene amamasula m'madambo ndi m'mbali mwa minda nthawi ya dzinja, amene Azungu amawacha gladiolus, ndiwo ena a abalewo. Pamene anali kumanga ulalo wa pa Mosi-oa-Tunya, umene unatha mu 1905, injiniya wina anatumiza ku England gladiolus wacikasu womera mu nkhungu ya mathithiwo, ndipo olima maluwa a kumeneko anamkwatitsa ndi ao kuti apeze mitundu yatsopano yacikasu ndi yonga lalanje.

Iris amene tiri kunena pano ndi uja amamucha wandebvu. Duwa lace liri ndi masamba 6. Atatu amaimirira nakumana pamwamba ngati denga la nkhokwe, ndipo atatu ena amatambasukira kunja nalendewera. Pa tsamba liri lonse lolendewera pali mzere wa ubweya wonga cimbalanga caciŵisi ca m'chire kapena mbozi yaubweya, ndipo ndiwo ndebvuzo. Phesi la iris wamtali limapitirira masentimita 70. Pansi pace pali tsinde lonenepa logona pamwamba peni-peni pa nthaka, lofanana ndi muzu wa jinja. M'nkhani ino tidzalicha mbatata, ngakhale kuti siidyedwa, pakuti imadwalitsa munthu ndi ciweto comwe. Mbatata imodzi imamasula maluwa kamodzi kokha pa moyo wace. Ikatero imatulutsa ana m'mbali monga icitira nthoci, ndipo anawo ndiwo amadzamasula caka cotsatira. Mfundo imeneyi muisunge, cifukwa tidzabwererako.

Mmene amapezera mtundu watsopano

Nchito ya kukwatitsa njosabvuta kuiphunzira. M'mawa mame atangouma, wokwatitsa amathyola kathumba ka mungu pa duwa limene wasankha kuti likhale tate, nakapaka munguwo pa kamlomo konata ka duwa lina limene lidzakhala mai. Amamangirirapo kapepala kolembapo maina a makolo onse awiri, kuyambira la mai. Ukwatiwo ukagwira, pamabwera cipatso conga therere lalifupi lonenepa, cimene cimakhwima patapita miyezi iwiri. Njere zace sizimera zisanalawe cisanu, ndipo zina zimagona m'nthaka nyengo ziwiri zozizira. Kawiri-kawiri mbande imaonetsa duwa lace loyamba m'caka caciwiri.

Kubvuta kuli pa kusankha. Njere za m'cipatso cimodzi sizibala ana ofanana, monga mudziwa kale inu amene munayesapo kubzalanso cimanga ca haibulidi ca m'nkhokwe. Mwa mbande mazana-mazana, zambiri zimakhala zocepera makolo ao, ndipo zimazulidwa nkutayidwa ku dzala. Makampani akulu, monga la banja la Schreiner limene linayambira ku Minnesota mu 1925 nkudzasamukira ku Oregon, amafesa mbande zikwi zambiri caka ciri conse, koma zimene amazipatsa dzina ndi kuzigulitsa nzowerengeka. Mbande ikasankhidwa, saiculukitsanso ndi njere iai, koma pogawa mbatata zace, monga ticitira ndi cinangwa kapena nzimbe. Motero iris wa dzina limodzi, kaya ali ku Oregon, ku France kapena ku Australia, ndi thupi limodzi lomwelo logawidwa-gawidwa. Ubwino wace umapita konse, ndi cilema cace comwe cimapita konse. Mbatata imodzi ya mtundu wongotuluka kumene imagulidwa madola 50 kapena kuposa, tsono wogula akalandira mbeu yodwala-dwala amakhala wataya ndalama zeni-zeni. Coopsa kopambana ncakuti mtunduwo ukachuka, okwatitsa ena amauyesa kholo, ndipo kufooka kwace kumalowa m'zidzukulu kwa zaka makumi-makumi.

Duwa linakula, mabvuto nao anakula

Kufikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, iris wa m'minda ya ku Ulaya anali wa maluwa ang'ono. Makolo ace akulu anali awiri, wina wabuluu wotuwira wa ku mapiri a m'mbali mwa nyanja ya Adriatic, ndi wina wamfupi wa mawanga acikasu ndi ofiirira wa ku Hungary ndi maiko oyandikana nalo. Maluwa ao anali opyapyala, koma mbeuzo zinali zolimba ngati kapinga.

Zinthu zinasintha cifukwa ca Sir Michael Foster, mphunzitsi wa za thupi la munthu pa yunivesite ya Cambridge, amene anali kupempha amishoni ndi apaulendo kuti azimtumizira iris wa ku Turkey ndi maiko ozungulira. Wina wa iwo, wochedwa Amas, anacokera ku Amasya mu 1885. Alendowa anali atali, a maluwa akulu ndi okhuthala. Pa nthawiyo panalibe wodziwa cifukwa cace. Pambuyo pace akatswiri anapeza kuti tinthu tosaoneka ndi maso timene timasunga cibadwa, tochedwa makromozomu, mwa iris wakale wa ku Ulaya tinalimo 24, pamene mwa alendowo tinalimo 48. Kukwatitsa mbali ziwirizi kunali kobvuta, pakuti zipatso zambiri zinali kutuluka zopanda njere, koma mwa kamodzi-kamodzi panali kupezeka njere imodzi yabwino.

Njere ina yotere inamera m'munda wa Arthur Bliss ku Devon, m'dziko la England. Bliss anali kufuna-funa iris wofiira, ndipo mbandeyo itamasula duwa labuluu wodera iye sanakondwe nayo. Amene anamuumiriza kuti duwalo ndilo loposa onse m'mundamo anali kamtsikana, mwana wa mbale wace. Linagulitsidwa mu 1917 ndi dzina lakuti Dominion, ndipo anthu anazizwa ndi masamba ace olendewera, otakata, okhuthala ndi osalala ngati nsaru ya veleveti. Komatu Dominion anali waulesi pa kukula, wocedwa kubala ana, ndipo maluwa ace anali kuunjikana pamwamba pa phesi. Okwatitsa anatha zaka zambiri ali kuyesa kusunga veleveti uja ndi kucotsa zilemazo mwa ana ace.

Ku California nako kunacitika zofanana. William Mohr ndi Sydney Mitchell anagwiritsa nchito iris wamtali wa ku maiko a kum'mawa kwa nyanja ya Mediterranean, kumene cisanu ncocepa ndipo nyengo yotentha njouma gwa. Anapeza maluwa akulu ocititsa kaso, monga woyera uja wochedwa Purissima wa mu 1927. Ku California anakula bwino, cifukwa nyengo ya kumeneko njofanana ndi ya kwao kwa makolo ace. Koma atawatumiza ku madera a cisanu coopsa ndi mvula ya m'nyengo yotentha, anayamba kupsa masamba ndi kuola mbatata. Anthu amene analipira ndalama zambiri anaphunzira kuti duwa lopambana m'munda wa mwini wace likhoza kukhala mtembo m'munda wa mnzace.

Mwa Purissima yemweyo munatuluka iris amene ambiri amamuyesa gogo wa maluwa a masiku ano. Mai Clara Rees a ku San Jose anapaka pa Purissima mungu wa iris wina wa makromozomu 24 wochedwa Thais. M'cipatsomo munali njere ziwiri zokha, ina yofwapa. Yabwinoyo inabala duwa loyera la m'mphepete mopindika-pindika ngati mpendero wa diresi, ndipo linagulitsidwa mu 1939 ndi dzina lakuti Snow Flurry. Iris ameneyu alibe mungu, sangakhale tate, koma monga mai anabala ana ndi zidzukulu zosawerengeka, ndipo mapindiko amene tiona pa iris wamakono ambiri anacokera kwa iye. Mendulo yaikulu ya oweruza sanailandire konse.

Mapointi 100

Zokumana nazo zoterezi ndizo zinaumba muyeso umene oweruza a ku America amatsata poona iris wamtali m'munda. Mbeu yeni-yeniyo, ndiye kuti masamba, kulimba ndi kubala kwace, imatenga mapointi 30. Phesi limatenga 35. Duwa lonse limatenga 25, ndipo 10 otsala ndi a kusiyana kwace ndi maluwa ena amene alipo kale.

Taonani kuti phesi laposa duwa. Phesi labwino liyenera kuimirira lokha pa mphepo ndi mvula. Likafuna kucirikizidwa ndi kamtengo ngati tomato, woweruza amadziwa kuti wokwatitsa anakuza duwa naiwala mwendo wolinyamula. Liyenera kukhala ndi nthambi zosacepera ziwiri kuonjezera pa nsonga, ndipo nthambizo zitalikirane bwino ndi kutambasukira kunja, kuti duwa liri lonse lipeze malo omasulira. Nthambi zikakumbatira phesi, maluwa amapanikizana ndi kupotoka, ndipo zikayambira pamwamba pokha mbeu imalemera kumutu nkugwa.

Mapointi 15 athunthu ali pa kuculuka kwa timitu ndi ndondomeko ya kumasula kwace. Phesi limodzi liyenera kunyamula timitu tosacepera 7. Cifukwa cace ncoonekeratu mukawerengera masiku. Duwa limodzi la iris limakhala masiku atatu, kenaka limafota. Phesi la timitu 4 limene limamasula maluwa atatu tsiku limodzi limaoneka laulemerero pa cithunzi, koma sabata isanathe latha, ndipo mwini munda adzadikira miyezi 12 kuti aonenso kanthu. Phesi la timitu 9 tomasula kamodzi-kamodzi kapena tiwiri-tiwiri, kena kakufota kena kakutseguka, limasangalatsa kwa masabata awiri kapena kuposa. Woweruza wozindikira sayang'ana maluwa otseguka okha. Amapapasa ndi zala m'makoko a pa nthambi kuti amve ngati kumbuyo kwa duwa la lero kuli kamutu kena kodikira. Ici ndi cifukwa cace sangaweruze bwino pa ulendo umodzi, ayenera kubweranso.

Pa mbeu yeni-yeniyo, mapointi 15 ali pa funso lija la caka ca mawa. Tinanena kuti mbatata imamasula kamodzi kokha nisiya ana. Iris wabwino amasiya ana atatu kufikira asanu pa mbatata iri yonse. Akasiya ocepa, citsamba sicikula. Akabala ana ambiri-mbiri osamasula, mwini munda amangolima masamba. Palinso cilema cina comvetsa cisoni: mitundu ina imamasula pa mphukira zace zonse nthawi imodzi, osasiyako mwana ndi mmodzi yemwe. Caka cimeneco munda umakhala ngati ukwati wa mwana wa mfumu, anthu nkumaima pa mpanda kuonerera, koma maluwa akafota mbeu yonse yafa. Ndi cimodzi-modzi munthu wophika nkhokwe yonse pa phwando limodzi, mbeu ndi mbeu zomwe.

Mdani wamkulu ndi matenda oolesa mbatata, obwera ndi tizirombo ta bakiteriya. Mbatata imafewa ngati phala ninunkha koopsa, ndipo masamba amagwa kuyambira pansi. Matendawa amakonda kutentha kophatikizana ndi cinyezi, ndiponso manyowa kapena fataleza wambiri. Ndico cifukwa cace iris wandebvu amambzala msana wa mbatata uli poyera kuti uziwombedwa ndi dzuwa, pa nthaka yosasunga madzi, ndipo ndico cifukwa cacenso amabvuta m'maiko onga lathu, kumene mvula yamphamvu imagwa m'miyezi yotentha. Koma ngakhale pa mzere umodzi, posamalidwa mofanana, mitundu ina imaola pamene ina iri njo. Kusiyana kumeneku nkwa cibadwa, ndipo woweruza ayenera kukuona. Masamba nao ali ndi mapointi 10, pakuti maluwa ndi a masabata awiri kapena atatu, koma masamba mwini munda amawaona miyezi yambiri. Akhale oimirira, obiriwira, osacita madontho ofiirira a matenda a nkhungu.

Tikafika pa duwa, mapointi 10 ndi a kaumbidwe ndipo 10 ena ndi a kukhuthala. Masamba atatu oimirira aja asagwere m'kati kapena kuyasama ngati citseko cothyoka, ndipo olendewera akhale otakata, osapinimbira ngati makutu a galu wodwala. Kukhuthala ndiko kumalola duwa kupirira dzuwa la masana ndi madontho a mvula. Duwa lopyapyala limaoneka bwino 8 koloko m'mawa, koma pofika 2 koloko lasanduka nsanza. Utoto umabwera ndi mapointi ace 5: ukhale woyera bwino, wosasuluka pa dzuwa, wosaoneka ngati madzi a m'cithaphwi. Pomalizira pali mapointi 10 a kusiyana. Maina olembedwa m'kaundula wa bungwe lija ndi zikwi makumi-makumi, tsono duwa labuluu latsopano limene silisiyana ndi abuluu ena 100 liribe cifukwa cokhalira ndi dzina lace-lace.

Pa tebulo ndi m'munda

Inu amene mumapita ku zionetsero za ulimi mudziwa mmene zimakhalira. Munthu amayenda munda wonse kufuna-funa zisononkho zocepa zazikulu, nazipukuta, naziyala bwino pa tebulo. Mphatso imene alandira njoyenera, pakuti wagwira nchito, koma tebulo silinena kuti munda wonse unabala matumba angati, kapena kuti mapesi angati anagwa ndi mphepo. Olima iris nao ali ndi zionetsero za m'nyumba, kumene amabweretsa phesi lodulidwa m'botolo la madzi. Anzeru ao anagamula kuti kuweruza kwa pa tebulo kumayesa luso la wolima pa tsiku limenelo, pamene ubwino wa mtundu wa duwa uyenera kuyesedwa m'munda mokha. Mphatso zazikulu za bungwe zimaperekedwa ndi mavoti a oweruza amene anaona mbeuyo iri kukula pa nthaka.

Mphatso yoposa zonse ndi mendulo ya Dykes. William Rickatson Dykes anali mphunzitsi pa sukulu ya Charterhouse ku England, ndipo mu 1913 anatulutsa buku lalikulu lofotokoza mitundu ya iris wa m'chire. Anamwalira pa ngozi ya galimoto mu 1925, ndipo bungwe la olima iris la ku Britain linakhazikitsa menduloyo pomkumbukira. Ku America woyamba kuilandira anali iris wochedwa San Francisco mu 1927, mbande ya William Mohr uja, amene iyenso anali atafa kale pa ngozi ya galimoto mu 1923. Mendulo imapita kwa mtundu umodzi wokha pa caka, ndipo mtunduwo uyenera kuyamba wakwera makwerero a mphatso zing'ono-zing'ono, kumadikira pa khwerero liri lonse. Ulendowo umatenga zaka 6 kapena kuposa. Dusky Challenger, iris wamkulu wodera wa a Schreiner, anatuluka mu 1986 nalandira mendulo mu 1992. Kucedwaku nkwadala, kuti mbeu ione cisanu ca kumpoto, kutentha kwa ku Texas ndi mvula ya kum'mawa, m'manja mwa anthu osiyana-siyana. Zaka zina, monga 1987, mendulo siinaperekedwe kwa wina ali yense.

Kodi tsono muyeso umenewu unathetsa mabvuto? Sitinganene conco. Oweruza ndi anthu, ndipo munthu akaima pamaso pa duwa lalikulu la mapindiko ndi utoto umene sanauonepo, mapointi 5 aja amatupa m'mutu mwace nakhala 50. Ambiri amaona maluwa atsopano pa misonkhano ya pa caka, m'minda yothiridwa mankhwala ndi yopaliridwa tsiku ndi tsiku, kumene ngakhale mbeu yofooka imaoneka yamphamvu. Wogulitsa naye adziwa kuti cimene cimatulutsa ndalama m'thumba la munthu ndi cithunzi ca duwa limodzi cojambulidwa pafupi, cosaonetsa phesi kapena masamba. Cotero madandaulo sanathe akuti mitundu ina yamakono imakhala zaka ziwiri nizimirira, pamene iris wakale wa maluwa ang'ono akali kumasula pa mabwinja a nyumba zimene eni ace anacoka kale-kale. Pali iris woyera wocokera ku Arabia amene Asilamu akhala akumubzala pa manda kwa zaka mazana ambiri, ndipo anafalikira maiko ambiri popanda womthirira. Mu 1988 anthu ena ku America anayambitsa bungwe losunga mitundu yakale kuti isatayike.

Ife tiona kuti mbali zonse ziwiri ziri ndi mfundo, koma wolakwa kwambiri ndi woweruza wofulumira. Wokwatitsa akafuna duwa lacilendo ali pa nchito yace, ndipo popanda anthu ouma mutu otere sipakanakhala iris wapinki, amene David Hall wa ku Illinois anamsaka zaka zoposa 10 asanampeze. Mmodzi wa apinki ace, Cherie, analandira mendulo ya Dykes mu 1951. Koma woweruza anaikidwa kuti aimirire munthu wamba amene adzagula mbatata imodzi, naibzala kuseri kwa nyumba, naiiwala kufikira nyengo ya maluwa. Akabvomereza mbeu imene waiona kamodzi kokha, pa tsiku lace labwino, wamgulitsa munthu ameneyo.

Mayeso a ku Florence

Njira imene ioneka yacilungamo kopambana ndi ya ku Florence, m'dziko la Italy. Mzindawu uli ndi munda wa iris pa phiri loyang'ana mtsinje wa Arno, umene unakonzedwa mu 1954 kuti muzicitikira mpikisano wa maiko onse. Wokwatitsa wa dziko liri lonse amatumiza mbatata zace, ndipo zikafika amazicotsa dzina nazipatsa nambala. Anchito a m'mundamo amazibzala pakati pa mitengo ya azitona ndi kuzisamala zonse mofanana kwa zaka zitatu, mwini wace osazikhudza. M'caka cacitatu, mwezi wa Mei, oweruza ocokera ku maiko osiyana-siyana amayendera mizereyo masiku angapo, osadziwa kuti nambala yakuti-yakuti nja yani. Mbeu imene inaola m'zaka zitatuzo yadziweruza yokha. Maina amaululidwa mapointi atawerengedwa kale, ndipo wopambana amalandira ndalama yagolidi yochedwa Fiorino d'Oro.

Pa mpikisano womwewo pali mphatso ina yapadera. Cizindikiro ca mzinda wa Florence ndi duwa la iris lofiira pa nsaru yoyera, ndipo cakhala cotero kuyambira zaka za m'ma 1200. Tsono akulu a mzinda amapereka mphatso kwa iris amene kufiira kwace kwayandikira kopambana kufiira kwa pa mbendera yao. Bvuto ndi lakuti iris wandebvu alibe utoto wofiira weni-weni m'thupi mwace. Ali ndi utoto wa magulu awiri. Wina umasungunuka m'madzi a m'duwa ndipo umapereka buluu ndi kudera konga kwa nthudza zakupsa. Wina ngwamafuta ndipo umapereka cikasu, lalanje ndi pinki, ndipo pinkiyo ndi utoto womwe uja umene umafiiritsa tomato. Wokwatitsa akasanjikiza magulu awiriwa pa tsamba limodzi, diso limaona kufiirira kwa njerwa yoocha kapena kwa katondo, koma osati kufiira kwa magazi. Arthur Bliss anasaka iris wofiira asanapeze Dominion, ndipo ena ambiri amsaka pambuyo pace kwa zaka zoposa 100. Kufikira lero mphatso ya ku Florence imapita kwa amene wangoyandikira.